Mpira ndi Yesu m'moyo wa munthu mmodzi: zimagwirizana pati, zimakokana pati?

Masiku ano simungaonere mpira mphindi 90 osaona chinachake chokhudza Mulungu. Wina polowa m'bwalo akhudza kapinga nkudzilemba mtanda, wina akachinya aloza kumwamba ndi zala ziwiri, goloboyi agwada pagolo manja m'mwamba gemu isanayambe, ndipo gemu ikatha mtolankhani asanamalize nkomwe funso wosewera wayamba kale ndi zoti choyamba ndithokoze Mulungu. Apa mpamene anthu amagawanika. Ena amati ameni, mwanayu sanaiwale komwe achokera. Ena amati ndi zongodzionetsera pa kamera izi. Ena amangofunsa kuti nanga anyamata a timu yagonjayo sanapemphere, eti?

Nkhaniyi imasokoneza chifukwa timaphatikiza zinthu zingapo zosiyana m'thumba limodzi: mbiri ya mpira weniweniwo, zomwe mpira umachita pa mtima wa munthu, zomwe anthu amatanthauza akamati ndapeza Yesu, komanso malamulo a m'bwalo. Tizitenge chimodzichimodzi.

Mpira unakulira pabwalo la tchalitchi

Ambiri amaganiza kuti chipembedzo chalowerera mu mpira posachedwapa, koma ayi ndithu, ziwirizi zinakulira limodzi. Malamulo a mpira omwe tikuwadziwa lero anayamba kulembedwa ku London mu 1863 pomwe bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, linakhazikitsidwa, ndipo nthawi yomweyo ku England kunali kaganizidwe kamene kanafala kwambiri pakati pa abusa ndi aziphunzitsi, koti mkhristu weniweni asamangokhala wofooka wongowerenga mabuku, akhale wathupi lolimba, wodziletsa, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Azungu amakatcha Muscular Christianity. Poyamba kanali m'masukulu a ana a anthu olemera, kenako kanatsikira m'matauni a mafakitale komwe anyamata anayamba kuweruka masana Loweruka, ndiye abusa anali ndi nkhawa kuti nthawi yonseyi ithera kumowa ndi ndewu. Mankhwala ake anati mpira.

Zotsatira zake zikuonekabe pa tebulo la ligi mpaka pano. Aston Villa inayamba mu 1874 ndi anyamata a tchalitchi cha Methodist omwe ankasewera kiriketi ndipo ankafuna chochita nyengo yozizira. Bolton Wanderers inayamba chaka chomwecho ndi dzina loti Christ Church. Everton mu 1878 inali St Domingo, timu ya tchalitchi. Manchester City mu 1880 inali St Mark's. Southampton inachokera ku tchalitchi cha St Mary's mu 1885, nchifukwa chake mpaka lero amawatcha Saints, bwalo lawonso dzina lake ndi St Mary's. Ku Glasgow, Celtic inakhazikitsidwa mu 1887 ndi Brother Walfrid wa mpingo wa Katolika, ndipo cholinga chake sichinali chikho ayi, ankafuna ndalama zodyetsera ana osauka. Ku Buenos Aires, San Lorenzo inayamba mu 1908 wansembe Lorenzo Massa ataona ana akusewera mpira mumsewu moika moyo pachiswe, nkuwapatsa bwalo la tchalitchi koma ndi pangano loti Lamlungu azibwera ku Misa. Papa Francis anali sapota wa timu imeneyi moyo wake wonse.

Koma onetsetsani zomwe zinachitika pambuyo pake, pafupifupi matimu onsewa anachoka m'manja mwa mpingo pasanathe zaka zambiri. Anayamba kulipiritsa pageti, kulipira osewera, kusintha maina, ena mpaka kumakumanirana kumalo omwera mowa komwe abusa aja ankawathawitsako. Mpingo unkaona mpira ngati njira yokokera anyamata, koma mpira unakula nkukhala mwini wake. Kukokanakokana kumene timakuona lero m'moyo wa wosewera mmodzi kunayambira pomwepo.

Zomwe mpira umachita pa munthu

Tisanafike ku chikhulupiriro tione kaye mpira pawokha, chifukwa mpira nawo umaumba munthu, kaya apemphera kaya sapemphera. Mwana amene wayamba mpira mwakhama amaphunzira zinthu zomwe anzake amadzaziphunzira atakula: kudzuka thupi likukana, kumvera kochi ngakhale ukuona kuti akulakwitsa, kupatsira mnzako amene mwayambana naye dzulo chifukwa ndi amene ali pabwino, kuluza Loweruka nkubwereranso ku training Lolemba. Izi ndi zabwino ndipo palibe amatsutsa.

Mbali inayo ndi imene sitimaikamba kwambiri. Mpira umamuuza munthu kuti mtengo wako ndi gemu yako yomaliza. Wachinya ndiwe mfumu, foni siikupuma, achibale omwe sumawadziwa atulukira. Waphonya penate ndiwe galu, ndipo masiku ano matukwana amakupeza m'thumba momwe kudzera pa foni. Ndiye taganizani mwana amene analowa akademi ali ndi zaka 9, aliyense kwawo amamutchula kuti wampira uja, sukulu anaitenga mwachibwana, kenako ali ndi zaka 16 kapena 18 amuitanira mu ofesi nkumuuza kuti sitikupatsa kontirakiti. Ana ambiri a m'ma akademi amathera pomwepa, amene amafika podya nawo mpira ndi ochepa zedi. Ngakhale amene wafika pamwamba, akamafika zaka 35 miyendo yayamba kale kukana, anzake a ntchito zina angoyamba kumene kukwezedwa iye akupuma.

Dzina la wosewera mpira lili ngati nyumba ya lendi. Ukhoza kuikongoletsa, kupentanso, anthu nkumati kwa uje, koma mwini wake alipo ndipo tsiku lina adzafuna makiyi. Nambala ya pa jezi ija season yamawa aivala wina. Funso limene limatsala ndi loti ukachotsa mpirawo watsala ndani, ndipo osewera ambiri amene amakamba za chikhulupiriro chawo mukawamvetsera bwino nkhani yawo imazungulira pafunso limeneli, osati pa zikho ayi.

Kupeza Yesu nkutani kwenikweni

Apa mpofunika kusamala chifukwa akhristu eniake sagwirizana kafotokozedwe. Kwa a mipingo ya chipentekoste ndi ena otere, pamakhala tsiku, pena ola lenileni, lomwe munthu analapa nkulandira Yesu, amati kubadwa mwatsopano, ndipo kawirikawiri kumatsatana ndi ubatizo womiza ndi kupereka umboni pagulu. Kwa Akatolika, a Orthodox, a Anglican ndi mipingo ina yakale, munthu amabatizidwa ali khanda nkumakula m'chikhulupiriro pang'onopang'ono, ndiye wosewera wotere mwina simudzamumva akunena kuti ndinapulumutsidwa chaka chakuti, mudzangomuona akudzilemba mtanda kapena akupita ku Misa mwakachetechete. Wofuula ndi wachete onse akhoza kukhala ozama, onsenso akhoza kukhala apamwambamwamba, kamera siingakuuzeni.

Mtundu woonekera kwambiri uja unafala mu mpira makamaka kudzera ku Brazil. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunayamba gulu lotchedwa Atletas de Cristo, ndipo mmodzi mwa oyambitsa, João Leite, goloboyi wa Atlético Mineiro, ankadziwika ndi kugawa Mabaibulo kwa osewera a timu yomwe akulimbana nayo. Gululi linakula limodzi ndi mipingo ya chipentekoste m'dzikomo, ndipo osewera a ku Brazil atayamba kudzaza maligi a ku Ulaya anapita nacho chikhalidwechi. Amene anaonera fainolo ya World Cup ya 1994 akukumbuka Taffarel atagwada manja m'mwamba Roberto Baggio ataponya penate kumwamba.

Dzina limene aliyense amathamangira ndi Kaká. Iyeyu anakulira m'banja lopemphera komanso losasowa, nde nkhani yake si ya munthu wochoka m'matope ayi. Chomwe chinachitika nchakuti mu 2000 ali ndi zaka 18 anavulala fupa la msana pa dziwe losambiramo, ngozi yoti ikanatha kumupuwalitsa, koma anachira ndipo iye amati ndi Mulungu. Mu 2007 AC Milan itagonjetsa Liverpool 2-1 mu fainolo ya Champions League ku Athens, anavula jezi nkugwada, mkati atavala malaya olembedwa m'Chingerezi kuti iye ndi wa Yesu. Chaka chomwecho anatenga Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wopambana onse pachaka. Mawu amenewa mukawaika pafupi ndi nkhani ya lendi ija mumva chomwe ankanena: AC Milan ili ndi kontirakiti yanga, koma mwini wanga ndi wina.

Chimene chikhristu chimamuuza wosewera, mwachidule, ndi chosemphana ndi chomwe mpira umamuuza. Mpira umati chita bwino ndiye tikulandira. Chiphunzitso cha chisomo chimati walandiridwa kale usanachite kanthu. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, nzosavuta kuona chifukwa chake uthenga wotere umagwira mtima munthu amene sabata iliyonse amapatsidwa malikisi ndi anthu mamiliyoni.

Chitsanzo china chapafupi ndi cha Alisson Becker, goloboyi wa ku Brazil. Mu January 2020 anali m'madzi pambali pa mnzake Roberto Firmino pomwe ankabatizidwa, onse akulira. Patangotha chaka, mu February 2021, bambo ake a Alisson anamira m'madzi ku Brazil, ndipo chifukwa cha ziletso za Covid sanathe kupita kumaliro. Mu May chaka chomwecho Liverpool ikufunitsitsa malo a Champions League, iye goloboyi anathamangira kutsogolo pa kona ya mphindi zomaliza nkuchinya ndi mutu pa West Brom, 2-1, ndipo poyankhula pambuyo pake akugwetsa misozi anakamba za bambo ake ndi za Mulungu. Okhulupirira amaona dzanja la Mulungu pachigoli chija. Ine chimene chimandigwira si chigolicho, ndi miyezi itatu ya pakatipo, munthu akudzuka kupita kukagwira mipira ali ndi maliro omwe sanaike. Chikhulupiriro sichinabweze bambo ake, chinamupatsa pogwira.

Tinenenso chilungamo kuti kuvulala ndi chisoni sizikankhira anthu ku chikhristu chokha. Baggio yemwe uja analowa chipembedzo cha Chibuda atavutika ndi bondo ali mnyamata, ndipo osewera achisilamu monga Mohamed Salah ndi Sadio Mané amagunditsa mphumi pansi akachinya. Njala yake ndi imodzi, komwe anthu amakadya nkosiyana.

Pemphero, chithumwa, ndi funso loti Mulungu amasapota timu iti

Mpira ndi masewero omwe mwayi uli ndi gawo lalikulu. Zigoli zimakhala zochepa, mpira umenya chitsulo nkulowa kapena nkutuluka, timu yasewera bwino nkuluza. Paliponse pomwe munthu sangalamulire zotsatira pamamera timiyambo: kulowa m'bwalo ndi mwendo wamanja, kuvala sokosi yomweyomweyo, kutuluka womaliza m'chipinda chovalira. Ndiye funso nlakuti pemphero la wosewera likusiyana pati ndi sokosi ija?

Aziphunzitsi ambiri achikhristu amayankha kuti kusiyana kuli pa amene akulamula. Chithumwa ndi chida, ukachita chakuti chituluke chakuti. Pemphero ndi kupempha kwa wina amene ali ndi ufulu wokana. Pa pepala mzerewu ndi woonekera bwino, koma m'chipinda chovalira mphindi zisanu gemu isanayambe umafufutika, ndipo munthu yemweyo akhoza kupemphera moona mtima Lachitatu nkugwiritsa pemphero ngati chithumwa Loweruka. Osewera ena okhwima amanena poyera kuti sapempherera kuwina, amapempherera kuti asavulale, asavulaze mnzawo, asewere mmene angathere. Ena amapempherera mapointi atatu osachita manyazi, amati mwana sabisira bambo ake chomwe akufuna.

Vesi limene mudzalipeza pa nsapato, pa tattoo ndi pa bandeji za osewera ndi Afilipi 4:13, lonena za kutha zonse mwa iye wopatsa mphamvu. Ambiri amalimva ngati lonjezo la chikho. Koma Paulo analemba kalatayi ali m'ndende, ndipo mavesi a pamwamba pake akukamba zoti waphunzira kukhala wokhutira pokhuta ndi panjala pomwe, pokhala nazo ndi posowa. Kunena kwina vesili likumukhudza kwambiri amene ali pa benchi mwezi wachitatu kuposa amene wanyamula chikho. Paulo yemweyo masewero ankawadziwa, pafupi ndi Korinto pankachitika mipikisano yaikulu zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa 1 Akorinto 9 akuyerekeza moyo wachikhristu ndi wothamanga amene amadziletsa, kungoti akuti nkhata yomwe othamangawo amalimbirana imafota.

Pomwe nkhaniyi imafika povuta ndi pa zachipatala. Marvin Andrews wa ku Trinidad and Tobago, ali ku Rangers mu 2005, anavulala mtsempha wa m'bondo umene kawirikawiri umafuna opaleshoni ndi miyezi yambiri kunja. Iye anakana opaleshoni, anati Mulungu amuchiritsa, anabwerera m'bwalo ndipo Rangers inatenga ligi tsiku lomaliza la season. Anathandizanso dziko lake kufika ku World Cup ya 2006 koyamba m'mbiri, koma atafika ku Germany bondo linamuvutanso ndipo sanasewere. Nkhani imodzi yomweyi mbali zonse ziwiri zimaigwiritsa ntchito, awa amati mwaona chozizwitsa, awa amati mwaona mapeto ake. Mipingo yambiri siiphunzitsa kukana dokotala, imati dokotala nayenso ndi mphatso, koma ilipo ina imene imaona opaleshoni ngati kuchepa chikhulupiriro ndipo wosewera wachinyamata akhoza kupanikizika pakati.

M'busa wa timu

Pali ntchito ina imene simuiona pa TV, ya chaplain, m'busa kapena wansembe amene amayendera timu. Ku England mmodzi mwa oyambirira anali John Boyers wa mpingo wa Baptist, anayamba ku Watford mu 1977 kenako anakatumikira ku Manchester United kuyambira 1992, ndipo lero makalabu ambiri kumeneko ali naye wotere. Ntchito yake si kupempherera zigoli. Ndi munthu mmodzi pakalabu amene sasankha timu, sagulitsa wosewera, sadya peresenti ngati ejenti, ndiye mnyamata akhoza kumuuza kuti banja likutha kapena njuga yandigwira osaopa kuti Loweruka akhala pa benchi. Amayendera ovulala, amakhalapo pamaliro, amacheza ndi opemphera ndi osapemphera omwe. Odandaula amati bwanji osangolemba katswiri wa zamaganizo, ndipo makalabu akuluakulu masiku ano amakhala ndi onse awiri.

Malamulo amati chiyani

Anthu ambiri amakwiya akamva kuti wosewera wachenjezedwa chifukwa cha dzina la Yesu, nde tiyeni tione lamulolo. Malamulo a mpira amapangidwa ndi bungwe la IFAB, momwe muli FIFA ndi mabungwe anayi a ku Britain. Lamulo nambala 4, lokhudza zovala, limaletsa mawu kapena zithunzi zandale, zachipembedzo kapena zaumwini pa zovala zosewerera ndi zamkati zomwe. Silitchula chikhristu, limakhudza onse. Kupemphera, kugwada, kuloza kumwamba, kudzilemba mtanda, zonsezi sizoletsedwa. Kuvula jezi pokondwerera chigoli ndi khadi yachikasu kuyambira 2004, kaya mkati mwalembedwa Yesu kaya dzina la mwana wako kaya mulibe kanthu.

Nkhaniyi inatentha mu 2009 Brazil itagonjetsa United States 3-2 mu fainolo ya Confederations Cup ku Johannesburg. Timu yonse inagwada mozungulira pakati pa bwalo kupemphera, ena atavala malaya a mawu a Yesu, ndipo akuluakulu a mpira ku Denmark anadandaula kuti chipembedzo chisalowe m'bwalo motere. Mu 2014 IFAB inakhwimitsa za malaya amkati, koma chaka chomwechonso inaloleza zovala kumutu monga hijab. Ena amaona kukondera pamenepa, ena amati chovala ndi china, uthenga wolembedwa ndi china. Ku England mu 2021 gemu ya Leicester ndi Crystal Palace inaimitsidwa pang'ono kuti osewera achisilamu amasule kusala kwa Ramadan.

Nkhani ina ndi ya Marc Guéhi, mwana wa m'busa, yemwe anali kaputeni wa Crystal Palace. Kumapeto kwa 2024, sabata imene makaputeni ankavala kansalu ka pamkono ka mitundu ya utawaleza posonyeza kulandira amuna kapena akazi okondana okhaokha, iye anavala koma analembapo kuti amakonda Yesu. FA inamukumbutsa za lamulo, gemu yotsatira analembanso kuti Yesu amakukondani, ndipo sanalangidwe. Omuikira kumbuyo ankati ngati ligi ikhoza kumuveka munthu uthenga, bwanji iye asaonjezere wake. Otsutsa ankati wasokoneza uthenga womwe unali woteteza anthu osalidwa. Ngakhale m'Baibulo momwemo akhristu amapeza mbali ziwiri, Mateyu 6 akuti popemphera lowa m'chipinda utseke chitseko, Mateyu 10 akuti ondivomereza pamaso pa anthu nanenso ndidzawavomereza. Wosewera aliyense amasankha vesi lomwe latsamira khalidwe lake, mwina.

Pomwe munthu amayenera kusankha chimodzi

Nthawi zambiri mpira ndi chikhulupiriro zimakhalira limodzi bwinobwino, koma pena zimafika pamphambano. Yakale kwambiri ndi ya tsiku lopembedza. Ku England gemu yoyamba ya ligi ya Lamlungu inaseweredwa mu January 1974, Millwall ndi Fulham, ndipo sikuti mitima inasintha ayi, kunali vuto la magetsi m'dziko ndiye ankafuna kusewera masana. Lamulo lakale linkaletsa kulipiritsa pageti Lamlungu, makalabu anazemba pogulitsa kapepala ka maina a osewera ngati tikiti. Ku Northern Ireland chiletso cha mpira wa Lamlungu chinakhalapo mpaka 2008. Lero Lamlungu ndiye tsiku la ndalama za TV, ndipo wosewera wachikhristu amangopeza nthawi ina yopemphera mkati mwa sabata.

Ena anasankha kuchoka. Peter Knowles wa Wolves, yemwe ambiri ankamuona akulowera ku timu ya dziko la England, anasiya mpira mu 1969 ali ndi zaka 23 atalowa Mboni za Yehova. Kalabu inasunga dzina lake m'mabuku mpaka 1982 poganiza kuti abwerera, sanabwerere. Carlos Roa, goloboyi wa Argentina amene anagwira mapenate a Paul Ince ndi David Batty a timu ya England pa World Cup ya 1998, anasiya mpira mu 1999 ali pachimake ku Mallorca chifukwa cha chikhulupiriro chake cha Seventh-day Adventist chomwe chimasunga Sabata Loweruka, kenako anabwerera patatha chaka koma sanafikenso pomwe anali. Philip Mulryne, amene anakulira ku Manchester United nkusewera Norwich ndi Northern Ireland, anamaliza mpira kaye, kenako mu 2017 anadzozedwa unsembe m'gulu la Chikatolika la Dominican, komwe amalumbira umphawi. Masapota amawerenga nkhani zoterezi ngati kutaya, eni ake amaziwerenga ngati kupeza, ndipo palibe sikelo imodzi yomwe onse angavomereze.

Mbali yakuda nayo ilipo ndipo tisaibise. Ku Glasgow komwe Celtic inayamba ndi kudyetsa ana, mpira unadzasanduka mpanda pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, moti Rangers inatha zaka zambirimbiri osasaina wosewera wodziwika kuti ndi Mkatolika mpaka Mo Johnston mu 1989, ndipo masapota ena anawotcha masikafu awo pokwiya. Apa chipembedzo sichinaumbe mtima wa munthu, chinangokhala mtundu wa jezi. Palinso nkhani ya ndalama, wosewera wachinyamata wolemera, wosungulumwa m'dziko lachilendo, ndi nyama yonona kwa aliyense wodzitcha mneneri. Ngakhale Kaká anakumana nazo, atsogoleri a mpingo womwe ankapemphera anamangidwa ku Miami mu 2007 pa nkhani ya kulowetsa ndalama mobisa, ndipo patapita zaka zochepa anachoka mumpingomo koma chikhulupiriro sanasiye. Ndipo tonse tikudziwa osewera amene amaloza kumwamba Loweruka koma zomwe amachita mkati mwa sabata zili m'manyuzipepala. Okayikira amati umboni ndi umenewo kuti nzachiphamaso, okhulupirira amati tchalitchi ndi chipatala cha odwala, simalo a ochira kale.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la chomwe chimasintha munthu kwenikweni. Wosewera akasiya mowa, nkuyamba kugona nthawi yabwino, masewero nkukwera atalowa mpingo, ndi Mulungu, ndi anzake atsopano omwe akumuyang'anira, kapena ndi kungokula? Wokhulupirira adzati Mulungu amagwira ntchito kudzera mwa anthuwo, wosakhulupirira adzati anthuwo ndi okwanira, ndipo palibe makina oyezera zimenezi.

Lachiwiri ndi la maumboni omwe timamva. Maikolofoni amapita kwa amene wawina. Mnyamata amene anapemphera chimodzimodzi, bondo nkutha ali ndi zaka 19, palibe amamufunsa. Kodi chikhulupiriro chake chinalimba, chinasweka, kapena chinasintha mtundu? Popanda mawu a anthu amenewa chithunzi chomwe tili nacho ndi cha theka.

Lachitatu ndi la m'chipinda chovalira. Kaputeni kapena kochi akati tiyeni tigwirane manja tipemphere, wachisilamu, wachipembedzo china kapena wosapemphera ali ndi ufulu weniweni wokana, poti amene akuitanayo ndi yemwe amasankha timu? Nanga kumuletsa wokhulupirira kutchula chomwe chili pakati pa moyo wake, pomwe jezi yomweyo yanyamula dzina la kampani ya njuga, ndi chilungamo?

Palinso la ana. Mipingo ndi mabungwe ambiri padziko amagwiritsabe ntchito mpira kukokera achinyamata monga ankachitira Lorenzo Massa, bwalo ndi mpira nazi koma ubwere ku mapemphero. Ena amati palibe cholakwika, mwana wapeza pothawira ndi anthu omusamala. Ena amafunsa ngati mwana wosauka amene akufuna nsapato za mpira angathedi kunena kuti ayi, ndipo ngati sangathe, chomwe wavomeracho tizichitcha chikhulupiriro kapena malipiro a nsapato?